Kufufuza mphamvu yobwerera m'kebulo ya eriyo, kuyambira pa wailesi mpaka pamlongoti

Mita ya SWR, imene imasonyeza kukula kwa mphamvu yobwerera m'kebulo ya wailesi yotumiza mauthenga, ikangoloza 3:1, anthu ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri: kugula tuner (kachipangizo kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo), kapena kukwera pamlongoti n'kuyamba kudula eriyo. Nthawi zambiri amakhala atapupuluma. Mita imene ili pafupi ndi wailesi siona eriyo yokha ayi. Imaona zonse zimene zili kutsogolo kwake, makonekitala, kebulo, balun (kachipangizo kolumikizira kebulo ku eriyo ya miyendo iwiri) ndi eriyoyo, zitasakanikirana. Ntchito yanu ndi kuzipatula chimodzichimodzi mpaka vuto litaonekera pamene lili.

Chimene mukuyeza kwenikweni

Wailesi zambiri zotumiza mauthenga zimapangidwa kuti zizipereka mphamvu ku impedance (kukaniza kumene funde limakumana nako) ya ma ohm 50, ndipo makebulo monga RG-58, RG-213 ndi LMR-400 ndi a ma ohm 50 omwewo. Nambala imeneyi simungaiyeze ndi multimeter. Imachokera ku kunenepa kwa waya wapakati, kukula kwa ukonde wakunja ndi mtundu wa pulasitiki imene ili pakati pawo, ndipo sisintha kaya kebuloyo ndi ya mamita 2 kapena 200. Funde likayenda m'kebulo n'kupeza eriyo ya ma ohm 50, lonse limalowa. Likapeza ya ma ohm 100, kapena ya ma ohm 50 koma yokhala ndi reactance (kukaniza kumene kumasunga mphamvu n'kuibweza m'malo moigwiritsa ntchito), gawo lina limabwerera. Zili ngati chingwe chimene mwamanga pamtengo n'kumachigwedeza mbali inayo: funde likafika pamfundo limabwerera, n'kumakumana ndi limene likubwera. Pena mafunde awiriwa amaphatikizana, volteji n'kukwera, pena amachepetsana. SWR ndi volteji yokwera kwambiri m'kebulomo mukaigawa ndi yotsika kwambiri.

Masamu ake ndi ochepa. Eriyo ikakhala yopanda reactance, gawani nambala yaikulu ndi yaing'ono: ma ohm 100 pa kebulo ya 50 amapereka 2:1, ndipo ma ohm 25 amaperekanso 2:1 yemweyo. Onani apa kuti mita sikuuzani ngati impedance yakwera kapena yatsika. Kuti mudziwe gawo la volteji limene likubwerera, werengerani (SWR − 1) ÷ (SWR + 1). Yankholo mukalichulukitsa ndi ilo lomwe, mwapeza gawo la mphamvu. Pa 1.5:1 ndi 0.2, kutanthauza 4 peresenti ya mphamvu. Pa 2:1 ndi 11 peresenti, pa 3:1 ndi 25 peresenti, pa 5:1 ndi 44 peresenti, ndipo pa 10:1 ndi 67 peresenti.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti 25 peresentiyo yatayika basi, kapena yakalowa m'wailesi kukapsereza ma transistor. Sizili choncho. Pakakhala tuner yochunidwa bwino, funde lobwereralo limabwezedwanso kupita ku eriyo, n'kuphatikana ndi limene likutuluka. N'chifukwa chake mita yoikidwa pakati pa tuner ndi kebulo ikhoza kuonetsa ma watt 133 opita ndi ma watt 33 obwerera, pamene wailesi ikutulutsa 100 okha. Chotsani obwerera pa opita, mutsala ndi mphamvu yeniyeni imene ikulowa m'kebulo. Zowononga zenizeni n'zina. Wailesi ikaona impedance yosiyana ndi 50, ma transistor ake omaliza amalandira volteji kapena magetsi opyola muyezo, ndipo wailesi zambiri zamakono zimayamba kudzichepetsera mphamvu SWR ikadutsa pafupifupi 2:1. Chinanso, funde likamapita n'kubwera m'kebulo, ulendo uliwonse kebuloyo imadyako n'kusandutsa kutentha. Ndiye kuipa kwa SWR kumadalira kwambiri kebulo imene muli nayo.

Sonkhanitsani zida

Mufunika mita ya SWR yogwirizana ndi frequency yanu, chifukwa mita ya HF (3 mpaka 30 MHz) mukaigwiritsa pa 145 MHz, imene ili mu VHF, imanama. Mufunikanso dummy load (kachipangizo kolowa m'malo mwa eriyo, komeza mphamvu osaulutsa) ya ma ohm 50 yopirira mphamvu ya wailesi yanu, kebulo yaifupi yosapitirira mita imodzi imene mukuikhulupirira, multimeter, konekitala yolumikizira makebulo awiri, ndi pepala lolembapo. Ngati muli ndi NanoVNA kapena antenna analyzer ina (chipangizo choyezera eriyo), ntchito ikhala yopepuka kwambiri, chifukwa imaonetsa resistance ndi reactance padera popanda kuyatsa wailesi. Musanailumikize ku kebulo yochokera panja, gunditsani waya wapakati ndi ukonde wakunja kwa kanthawi kuti magetsi odziunjika mu eriyo atuluke, ndipo musatumizire mphamvu ya wailesi m'kachipangizoka. Kamapsa nthawi yomweyo.

Musakwere pamlongoti wailesi ili yolumikiza, kukuchita mphezi, kapena pamene eriyo ikhoza kugwera pa mawaya a magetsi. Nsonga za eriyo zimawotcha khungu ngakhale pa mphamvu yochepa.

Poyamba: yesani mita ndi wailesi

Chotsani kebulo ya eriyo. Lumikizani wailesi, kebulo yaifupi ija, mita, kenako dummy load. Ngati wailesi ili ndi tuner yam'kati, izimitseni. Tumizani funde losasinthasintha, pa FM, CW kapena AM, ndi ma watt 5 mpaka 10. Pa SSB muvi umavina ndi mawu, simungawerenge kanthu. Ngati mita yanu ili ya muvi umodzi, ikani pa FWD (mphamvu yopita), zungulizani kachitsulo ka CAL mpaka muvi ufike pamzere womaliza, kenako tembenuzani pa REF (mphamvu yobwerera). Mukasintha frequency kapena mphamvu, bwerezani CAL. Muyenera kuona 1.1:1 kapena kucheperapo. Zikapyola pamenepo, vuto lili pa kebulo yaifupiyo, pa mita kapena pa dummy load, ndipo palibe chifukwa chopitirira musanakonze.

Mita yoonetsa 1:1 pa dummy load siinatsimikizike, poti ngakhale mita yakufa imaonetsa ziro pa REF. Iyeseni pa katundu wodziwika. Ma dummy load awiri a ma ohm 50 olumikizidwa pa konekitala ya T amapanga ma ohm 25, ndipo mita iyenera kuonetsa 2:1. Kumbukiraninso kuti mita zotsika mtengo zimagwiritsa ntchito ma diode, amene pa mphamvu yochepa kwambiri amaonetsa SWR yabwino kuposa yeniyeni. Mukaona kuti pa watt imodzi ndi 1.2:1 koma pa ma watt 20 ndi 1.6:1, kawirikawiri nambala yachiwiriyo ndiyo yoona.

Chachiwiri: kebulo payokha

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha chifukwa limafuna kutsitsa eriyo kapena kukwera, koma mavuto ambiri amabisala pomwepa. Masulani kebulo pa eriyo. Ndi multimeter, yezani pakati pa waya wapakati ndi ukonde wakunja: pasakhale kulumikizana kulikonse. Kenako gunditsani awiriwa kumapeto akutali n'kuyezanso: muone resistance yochepa kwambiri, ohm imodzi kapena ziwiri pa kebulo yaitali yopyapyala. Musachite mayesowa eriyo ili yolumikiza, chifukwa folded dipole (eriyo ya miyendo iwiri ya waya wopindidwa mobwerera), eriyo zambiri zogulitsidwa za VHF ndi ma balun ena amaoneka ngati shoti pa multimeter pamene ali bwinobwino.

Tsopano ikani dummy load kumapeto kwa kebulo, pamene panali eriyo, n'kuyeza SWR muli pansi. Kebulo yabwino ya ma ohm 50 ionetsa 1.2:1 kapena kucheperapo. Ikaonetsa zoposa, kayikirani makonekitala poyamba. Pa konekitala ya PL-259, ukonde wakunja nthawi zambiri umakhala wosawotchereredwa bwino m'timabowo take, kapena kawaya kamodzi ka ukonde kamakhudza pini yapakati. Pa konekitala ya N, pini imatha kubwerera m'kati kapena kutuluka kwambiri. Kenako yendani m'mbali mwa kebulo yonse mukuigwira ndi manja, kufufuza pamene yapanikizidwa ndi chitseko, yapindidwa kwambiri, kapena khungu lake lang'ambika.

SWR yabwino pa dummy load sikutanthauza kuti kebulo sikudya mphamvu. Zimenezo muziyeze padera. Njira yosavuta: yezani mphamvu yotuluka pa wailesi, kenako samutsani mita kupita kumapeto akutali, patsogolo pa dummy load. Mukalowetsa ma watt 10 n'kutuluka 5, kebulo ikudya 3 dB (dB ndi muyezo wa mmene mphamvu yachepera). Akatuluka 4, ndi 4 dB. Akatuluka 2.5, ndi 6 dB. Pa NanoVNA, siyani mapeto akutali osalumikiza kanthu, werengani return loss (ma dB osonyeza mmene funde lobwerera lafookera) pa frequency yanu, n'kugawa pawiri, chifukwa funde ladutsa m'kebulo kawiri. Yerekezani ndi zimene wopanga kebuloyo analemba. Pa 145 MHz, mamita 100 a RG-58 amadya pafupifupi 20 dB, a RG-213 pafupifupi 9 dB, a LMR-400 pafupifupi 5 dB. Kebulo yanu ikamadya zoposa apa ndi patali, sendani khungu pang'ono kumapeto akumtunda. Ukonde wa kopa uyenera kunyezimira. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira, madzi analowa. Dulani mita imodzi imodzi mpaka mupeze kopa woyera, ndipo ngati simukumupeza, kebuloyo yatha ntchito.

Kebulo ikaduka m'kati pamalo osaoneka, analyzer ikhoza kukulozerani. Siyani mapeto akutali otsegula, yambani pa frequency yotsika kwambiri n'kumakwera mpaka impedance itagwa koyamba kufika pafupi ndi ziro. Kutalika kwa kebulo mpaka pamene yathera kapena yaduka, m'mamita, ndi 75 × velocity factor ÷ frequency ya mu MHz. Velocity factor ndi liwiro la funde m'kebulo poyerekeza ndi liwiro la kuwala: ya RG-58 ndi RG-213 ndi 0.66, ya LMR-400 ndi pafupifupi 0.85. Tinene kuti RG-213 ya mamita 30 yagwa koyamba pa 2.5 MHz: 75 × 0.66 ÷ 2.5 ndi mamita 19.8. Kafufuzeni pamenepo.

Chachitatu: pezani SWR yeniyeni ya pa eriyo

Bwezeretsani eriyo n'kuyeza muli pansi. Nambala imene mukuonayo ndi yabwino kuposa imene ili pamwamba, nthawi zonse, chifukwa funde lobwerera lafooka paulendo wopita ndi wobwera. Kebulo ikamadya kwambiri, bodza lake limakulanso. Mamita 30 a RG-58 pa 145 MHz amadya pafupifupi 6 dB, ndipo ngakhale kumapeto kwake kulibe eriyo n'komwe, mita ionetsa pafupifupi 1.7:1. Munthu akhoza kukhutira ndi nambala imeneyi eriyo itagwa kalekale.

Kuti mukonze, tengani gawo la volteji yobwerera limene mwapeza pansi, mulichulukitse ndi kuchuluka kwa mmene kebulo yachepetsera mphamvu. Kebulo ya 1 dB, chulukitsani ndi 1.26. Ya 2 dB, ndi 1.58. Ya 3 dB, ndi 2. Ya 4 dB, ndi 2.5. Mwachitsanzo, mamita 20 a RG-58 pa 145 MHz amadya 4 dB, ndipo mita yaonetsa 1.5:1, kutanthauza 0.2. Chulukitsani 0.2 ndi 2.5, mupeza 0.5. Bwezerani ku SWR pogwiritsa (1 + 0.5) ÷ (1 − 0.5): pa eriyo pali 3:1.

Kodi 3:1 imeneyi ikukutayitsani zochuluka bwanji? Zikudalira kebulo. Mamita 40 a RG-213 pa 14 MHz amadya pafupifupi 1 dB zonse zikagwirizana. Pa 3:1, tuner ili pansi, zotayika zonse zimafika 1.5 dB. Theka la dB lowonjezekalo munthu wakutali sangalimve, poti gawo limodzi la S pa mita ya wolandira ndi 6 dB. Kebulo yomweyo pa 10:1 imataya pafupifupi 3.4 dB, kuposa theka la mphamvu. Pa RG-58 ya 4 dB ija, 3:1 imawonjezera pafupifupi 1 dB, kufika 5 dB, moti pa ma watt 50 ofika pa eriyo ndi pafupifupi 16 okha. Koma taonani kuti wakuba wamkulu pamenepa ndi kebulo, osati SWR. Kusintha RG-58 n'kuika LMR-400 kungakupindulireni kwambiri kuposa kulimbana ndi eriyo tsiku lonse. Komanso kuvutikira kutsitsa 1.4:1 kuti ifike 1.1:1 n'kutaya nthawi: kusiyana kwake sikufika 0.2 dB.

Chachinayi: yendani pa bandi yonse

Kuyeza pa frequency imodzi sikukwanira. Yezani m'munsi mwa bandi (gulu la ma frequency amene mukugwiritsa ntchito), pakati ndi kumtunda, ndipo ngati muli ndi analyzer pitirirani kunja kwa bandi mbali zonse. Lembani manambala, muone pamene SWR yatsikira kwambiri. Ikatsikira pa frequency yochepa kuposa imene mukufuna, eriyo yatalika. Ikatsikira pa yokwera, yafupika. Ikatsikira pamalo oyenera koma osafika pansi, mwina kuima pa 2:1, kutalika kuli bwino koma resistance yake si 50, ndipo kudula sikungathandize. Ikakhala yokwera paliponse popanda potsikira, penapake paduka kapena pali shoti pa malo olumikizira eriyo. Ikakhala yotsika mofanana pa frequency zambirimbiri, monga 1.3:1 kuyambira pa 7 mpaka 28 MHz pa dipole wamba, musasangalale: china chake chikudya mphamvu. Dummy load nayo imaonetsa 1:1 paliponse koma siulutsa kanthu.

Analyzer imaonetsa R (resistance) ndi X (reactance). Pa malo olumikizira eriyo, X yokhala ndi chizindikiro cha + imasonyeza kuti dipole kapena eriyo yoimirira yatalika, ndipo ya − imasonyeza kuti yafupika. Koma mukayezera pansi, kebulo imasintha R ndi X malinga ndi kutalika kwake, ngakhale SWR ikhale yomweyo. Pali njira ziwiri zozembera izi. Chitani calibration ya open, short ndi load kumapeto akutali a kebulo, kuti chipangizocho chiiwale kebuloyo. Kapena gwiritsani kebulo yotalika theka la funde, kapena kuchulukitsa pamenepo, imene imabwereza impedance ya eriyo: 150 × velocity factor ÷ MHz. Pa 14.2 MHz ndi RG-213 ndi pafupifupi mamita 7.

Chachisanu: onani ngati kunja kwa kebulo kukuyenda magetsi

Mukuyeza ndi analyzer, gwirani konekitala ndi dzanja, kapena sunthani kebulo, kapena onjezerani kachidutswa ka mita imodzi kapena awiri. SWR siyenera kusintha kwenikweni. Ikadumpha, ndiye kuti funde likuyenda kunja kwa ukonde, ndipo kebuloyo yasanduka gawo la eriyo. Zizindikiro zina ndi maikolofoni yoluma milomo, kompyuta yozima yokha mukamatumiza, ndi phokoso lambiri polandira. Izi zimachitika mukalumikiza kebulo ya coax (ya waya wapakati ndi ukonde wakunja) molunjika ku dipole popanda balun, kapena pa eriyo yoimirira yopanda ma radial (mawaya otambasuka kuchokera patsinde pake) okwanira.

Mankhwala ake ndi choke, chotchinga funde loyenda kunja kwa ukonde, pa malo olumikizira eriyo. Pa HF, kulungani RG-58 maulendo 10 mpaka 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-43 kapena FT240-31. Musakulunge kebulo ya pulasitiki yathovu pa mphete yaing'ono, chifukwa ikatentha waya wapakati amasunthira m'mbali mpaka kukhudza ukonde. Ndipo kebulo izichoka pa dipole molunjika pansi, osati kuyenda m'mbali mwa mwendo umodzi. Ikani choke musanayambe kudula eriyo, chifukwa ikangolowa, malo otsikira SWR amasuntha.

Apa pali chosiyana chimodzi. Ngati kebulo yanu ndi ya ma ohm 75, monga RG-6, RG-59 kapena RG-11, mita ya ma ohm 50 idzasintha ndi kutalika kwa kebulo ngakhale zonse zili bwino. Eriyo ya ma ohm 50 kumapeto kwa kebulo yotere imaoneka pakati pa 1:1 ndi 2.25:1 malinga ndi pamene mwadulira. Anthu amene amati kudula kebulo kumakonza SWR nthawi zambiri amakhala atakumana ndi chimodzi mwa ziwirizi.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani pa eriyo

Yambani ndi kutalika. Dipole ya theka la funde, m'mamita, ndi pafupifupi 143 ÷ MHz: pa 7.1 MHz ndi mamita 20.1, pa 14.2 MHz ndi mamita 10.1. Eriyo yoimirira ya kota ya funde ndi theka la pamenepo, masentimita pafupifupi 49 pa 145 MHz. Waya wokutidwa ndi pulasitiki amafuna kufupikirapo pang'ono. Ngati eriyo ilipo kale, chulukitsani kutalika kwake ndi frequency imene yatsikira, n'kugawa ndi imene mukufuna. Dipole ya mamita 20.6 yotsikira pa 6.9 MHz pamene mukufuna 7.1 MHz iyenera kukhala 20.6 × 6.9 ÷ 7.1, mamita 20.02. Chotsani masentimita 29 mbali iliyonse, mofanana. Ndi bwino kuchotsa theka la zimenezi poyamba, ndipo pa waya wopanda pulasitiki pindani nsonga n'kuikulunga pa wayayo m'malo modula, kuti mukapyola mubwezere. Nthawi iliyonse kwezani eriyo pamalo ake enieni musanayeze, poti ikakhala pafupi ndi nthaka imatsikira pa frequency yochepa. Pa VHF samalani kwambiri: mamilimita 5 okha pa eriyo ya masentimita 49 amasuntha frequency ndi pafupifupi 1.5 MHz.

Kutalika kukakhala bwino, yang'anani resistance. Dipole ili kutali ndi chilichonse imakhala pafupifupi ma ohm 73, zimene zimapereka 1.5:1 pa kebulo ya 50. Isiyeni choncho, kapena tsitsani nsonga zake kuti ikhale ngati V wozondoka, resistance itsikira cha ku 50. Eriyo yoimirira ya kota ya funde yokhala ndi ma radial opingasa imakhala pafupifupi ma ohm 36. Pindani ma radial aloze pansi madigiri 45, ikwera kufika pafupi ndi 50. Pa galimoto, ma radial ake ndi chitsulo cha galimotoyo, ndiye palani penti pamene chogwirira eriyo chikukhudza, ndipo yezani zitseko zili zotseka, kutali ndi makoma.

Pamene resistance ili patali, pamafunika chosinthira. Folded dipole ya pafupifupi ma ohm 300 imafuna balun ya 4:1, imene imaitsitsa kufika 75. Waya wa theka la funde wolumikizidwa kunsonga amakhala ndi ma ohm masauzande awiri kapena atatu, ndipo amafuna transformer ya 49:1. Pa eriyo ya bandi imodzi ya ma ohm 100 mpaka 120, monga loop ya funde lathunthu, njira yotchipa ndi kachidutswa ka kebulo ya ma ohm 75 kotalika kota ya funde, koikidwa pakati pa eriyo ndi kebulo ya 50. Kamasintha impedance motere: 75 × 75 ÷ 112 ndi pafupifupi 50. Kutalika kwake ndi 75 × velocity factor ÷ MHz, kotero RG-11 ya 0.66 pa 14.2 MHz ndi mamita 3.49. Fufuzani velocity factor ya kebulo imene muli nayo, chifukwa ya kebulo ya thovu imakhala cha ku 0.8 kapena kupitirira ndipo mukaidula ngati ya 0.66 ifupika kwambiri.

Chachisanu ndi chiwiri: tuner, ngati ikufunikadi

Tuner yoikidwa pafupi ndi wailesi imaonetsa wailesiyo ma ohm 50 kuti itulutse mphamvu yonse. SWR ya m'kebulo, kuchokera pa tuner kukafika pa eriyo, siisintha ngakhale pang'ono. Pa HF, kebulo ili yabwino, SWR yosapitirira 3:1, imeneyi ndi njira yabwino ndithu, ndipo ma tuner ambiri a m'kati mwa wailesi amathera cha pomwepo. SWR ikakhala 10:1 chifukwa mukugwiritsa eriyo imodzi pa mabandi ambiri, sankhani chimodzi: tuner yoikidwa pa eriyo penipeni, kapena ladder line (kebulo ya mawaya awiri oyenda motalikirana pang'ono) ya ma ohm 450 m'malo mwa coax. Ladder line imadya zochepa kwambiri moti ngakhale pa SWR yokwera mphamvu yambiri imafika, koma iyenera kutalikirana ndi zitsulo ndi nthaka, ndipo sikulungidwa. Pa VHF ndi UHF, tuner yapansi ilibe phindu lenileni. Konzani eriyo.

Pochuna tuner yamanja, yambani ndi kumvetsera: sinthani koyilo mpaka phokoso likwere. Kenako tumizani ma watt 5 mpaka 10, muzisinthanitsa ma capacitor awiriwo mpaka mphamvu yobwerera itatsikiratu. Musatembenuze swichi ya koyilo mukutumiza, imapsa. Pa tuner ya mtundu wa T pamakhala malo angapo opereka 1:1. Sankhani pamene capacitance ili yochuluka ndipo inductance ili yochepa, chifukwa malo enawo amatenthetsa koyilo. Kumbukiraninso volteji: yokwera kwambiri m'kebulo ndi square root ya mphamvu × 50 × SWR. Ma watt 100 pa 1:1 ndi ma volt 71, pa 10:1 ndi 224, ndipo ma watt 1000 pa 10:1 ndi 707, okwanira kuthetheka m'konekitala yonyowa.

Pomaliza: mphamvu yonse, mphepo ndi mvula

Zikakhala bwino pa mphamvu yochepa, kwezani pang'onopang'ono muli kuyang'ana muvi. Ukalumpha mwadzidzidzi, penapake pakuthetheka: konekitala, trap (koyilo ndi capacitor zoikidwa pa waya wa eriyo) kapena insulator ya kunsonga. Ukamakwera pang'onopang'ono pamene mukutumiza kwa masekondi 20 kapena 30, ferrite ya mu balun ikutentha, ndipo mufunika mphete yaikulu kapena mphamvu yochepa. Ukamavina mphepo ikamaomba, pali cholumikizira chomasuka, kapena waya akukhudza nthambi. Kusuntha pang'ono mvula ikamagwa si vuto, makamaka pa ladder line, koma SWR ikakhala yosabwerera mwakale kwa masiku angapo kutacha, madzi alowa.

PL-259 siletsa madzi. Konekitala iliyonse yapanja ikulungeni motere: tepi yamagetsi poyamba kuti mudzamasule mosavuta, kenako tepi ya rabala yodzimata yokha, yokokedwa ndithu, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake ndi kupitirira konekitala masentimita 5 mbali zonse, kenako tepi yamagetsi pamwamba kuti dzuwa lisawononge rabala. Yomalizayi ikulungeni kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti madzi azitsetsereka osalowa m'mphepete. Kebulo isanalowe m'nyumba, ipindeni pang'ono kuloza pansi kuti madzi azidontha panja, ndipo imangirireni kumlongoti kuti kulemera kwake kusakoke konekitala.

Lembani SWR ya m'munsi, pakati ndi kumtunda kwa bandi, pamodzi ndi dB imene kebulo ikudya, n'kusunga pepalalo pafupi ndi wailesi. Bwerezani kuyeza pakatha miyezi 6 kapena pambuyo pa mphepo yamkuntho. Mukadzapeza kuti m'mphepete mwa bandi, momwe munali 2:1, tsopano muli 1.4:1 popanda chimene mwasintha, bwererani pa gawo lachiwiri mukayezenso kebulo.